Mbuzi m'Kope la Shuga la Ababa

Linali Lolemba loyamba la mwezi wa Okutobala, chaka chimene ndinali Fomu 2, ndipo ndinali pamkeka pakhonde pathu ku Malindi ndikujambula mizere m'kope latsopano. Ndinkagwiritsa ntchito rula yanga ya masamu. Tsamba lililonse ndinkaligawa zipinda zinayi: tsiku, nthawi, nambala, ndi zimene wadya.

Ababa anali atawapeza ndi matenda a shuga masabata atatu m'mbuyomo. Achimwene anga a ku Joni atamva, anatumiza pa basi kamakina koyezera shuga, pamodzi ndi timabokosi tambirimbiri ta timapepala toyezera ndi timasingano tobayira chala, ngati tikufuna kutsegula chipatala chathuchathu. Tsiku limenelo m'mawa tinakaonetsa kamakinako kwa adokotala. Iwo anajambula zipinda zinayi zija pakapepala, n'kunena mawu amene ndinawagwira kwambiri kuposa mmene iwo ankaganizira.

"Nambala iliyonse imene kamakinaka kaonetse, ilembedwe. Osasankha zokongola zokha. Pakatha mwezi mubwere nalo kopelo."

Ntchito yolemba inagwera ine popanda kukambirana. Pakhomo ponse ankadziwa kuti ndili ndi kope langa limene ndinkalembamo za tsiku lililonse chiyambire Sitandade 6, ndiponso kuti cholembera chinkandimvera kuposa pakamwa. M'kalasi aphunzitsi akanditchula, yankho ndinkakhala nalo ndithu, koma linkathera pakhosi. Ababa anandipatsa dzina laudindo tsiku lomwelo. Anayamba kunditchula kuti alembi.

Ababa anali atasiya kupita panyanja chifukwa cha mawondo, ndipo ankasoka maukonde a anthu ena pakhonde pomwepo. Khonde lathu silinkasowa anthu. Ena ankabwera ndi ukonde wong'ambika, koma ambiri ankabwerera tiyi. Tiyi wa kwathu ankadziwika mpaka kudoko. Ankamata milomo, ndipo nyerere zinkadziwa nthawi imene ketulo imatsika pambaula.

Amayi atamva za matendawo sanachite zokambirana. Anatenga shuga yense wa m'nyumba n'kukapatsa anansi. Anati m'nyumba imene muli wodwala shuga, alendo nawonso adwale naye. Choncho alendo anayamba kulandira tiyi wopanda kanthu. Ankamwa mwaulemu, nkhope zitakwinyika ngati akumeza mankhwala a malungo, kenako n'kukumbukira kuti ali ndi kopita. Ababa zinawapweteka kuposa matendawo. Munthu amene moyo wake wonse sanalolepo mlendo kuchoka pakhomo asanatsekemere m'kamwa, tsopano ankangoyang'ana makapu akubwerera kukhitchini osatha.

Woyamba kuyezedwa anali mayi wina wa pafupi nafe, wogulitsa mandasi pamsika. Anabwera kudzaona odwala, analandira kapu yake, anapsontha kamodzi, n'kuyiika pansi pang'onopang'ono. Ababa anayang'ana kapuyo, anayang'ana mayiyo, kenako anayang'ana kachikwama kakuda ka makina kamene kanali pawindo.

"Tiyi ndi ameneyo, mutikhululukire," anatero. "Koma tili ndi kena kake ka ku Joni. Tabweretsani chala."

"Iii, ine sindikudwala ayi."

"Ndani wanena kuti mukudwala? Ndinu mlendo. Musachoke chimanjamanja."

Amayi anatulukira pakhomo n'kuika malamulo awiri: aliyense kasingano kake katsopano, ndiponso asambe kaye m'manja. Mayi uja anasamba, anatseka maso, ananena mawu ena m'Chiyao amene sindinawamve bwino, ndipo kamakina kanalira. Kanaonetsa 5.8.

"Ndapambana kapena ndalephera?"

"Mwakhoza bwino kwambiri," anatero ababa ngati ahedi. "Alembi, lembani! Mwadya chiyani, mayi?"

Ndinayang'ana tsamba. Chipinda cha dzina panalibe. Adokotala anajambula zinayi, ndipo ine sindinali munthu wowonjezera zipinda pa zimene adokotala ajambula. Komanso dzina la munthu wamkulu sindikanatha kulilemba chonchi ngati la mnzanga wa m'kalasi. Koma nambala inali itaoneka, ndipo anati iliyonse. Ndinalemba tsiku, nthawi, 5.8, mandasi awiri ndi tiyi.

Mayi uja anakafalitsa nkhaniyo pamsika. Pofika Loweruka khonde lathu linali litadzaza kuposa nthawi ya shuga. Asodzi ankadzera kwathu pochokera kudoko, mamba a usipa ali m'mikono, n'kufola pa beseni losambira m'manja. Poyamba sankagwirizana ngati wopambana ndi wa nambala yaikulu kapena yaing'ono. Bambo wina wokonza injini za maboti atapeza 9.4 pamene anzake onse anali pa 5, anayenda pabwalo chifuwa patsogolo.

"Magazi anga ndi olemera, anyamata inu. Anuwo ndi madzi a m'nyanja."

"Olemera chiyani, wangomwa thobwa chigubu chonse iwe."

"Nanga iwe ndani anakuletsa?"

Funso la zimene munthu wadya ababa ankalikonda kwambiri, ndipo ankandifunsira iwo chifukwa ine sindikanatha. Anthu ankanama poyera. Munthu woti tonse tamuona akugula bonya ankayankha kuti chambo, chachikulu, chowamba. Wina anati nkhuku, mkazi wake ali pomwepo n'kufunsa kuti nkhuku yake ya ndani, anaidyera kuti. Nkhani imeneyo inakathera kwawo. Ine ndinkalemba zimene munthu wanena, mosamala, zilembo zoongoka.

Lachitatu lina a kwaya ya kutchalitchi kwathu anadzera kwathu pochokera kokonzekera nyimbo. Anali khumi ndi anayi. Onse anabayidwa, oimba mawu aang'ono poyamba, a mawu aakulu pomaliza. Tsamba lonse linatha masana amodzi.

Kenako kunabwera mbuzi. Mwini wake anali mnzawo wa ababa wakalekale, amene ankapalasa nawo bwato limodzi ali anyamata. Anabwera akuikoka pachingwe, iwo ali ndi nkhope ya maliro. Anati mbuziyo yafooka, ikumwa madzi kwambiri, ndipo anamva pawailesi kuti zimenezo ndi zizindikiro za matenda a shuga.

"Achimwene, mbuzi ilibe chala," anatero ababa.

"Ili ndi khutu."

Amayi anati lamulo ndi lamulo, khutulo lisambitsidwe. Analisambitsa ndi sopo. Amuna atatu anaigwira, mbuziyo ikulira ngati yaona mpeni wa Khirisimasi, ndipo kamakina kanaonetsa 3.1.

"Yadya chiyani?"

"Makoko a chinangwa. Ndiye dzulo inalowa m'golosale n'kudya katoni ya sopo."

Ababa anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana tsamba. Ndinalemba. Mbuziyo inabweranso kawiri, chifukwa ababa anauza mwini wake kuti wodwala aliyense amabwereranso kudzaonedwa.

Chimene ndinachedwa kuchiona n'chakuti ababa eni akewo sankayezedwa. M'kope lonse manambala awo anali atatu okha, a masiku atatu oyambirira, pamene achimwene ankaimba foni kuchokera ku Joni n'kukana kudula mpaka atamva kamakina kakulira. Manambalawo anali 16.2, 18.0 ndi 15.7. Kuyambira tsiku la mayi wa mandasi, ababa anasanduka wobaya, osati wobayidwa. Amayi akafunsa ngati ayezedwa, ankaloza kope. "Suona mmene ladzazira?" Amayi ankaona ndithu kuti ladzaza, ndipo ankakhala kudimba nthawi yambiri, choncho ankakhulupirira kuti pa manambala onsewo ena ndi a amuna awo.

Koma ine ndinkakhala pakhondepo. Ndinkaona lamba wawo akusuntha bowo limodzi, kenako lina. Ndinkadzaza jagi ya madzi kanayi masana amodzi. Pofuna kulowetsa ulusi m'singano yosokera ukonde ankaitalikitsa, kuiyandikitsa, kenako n'kunena kuti ulusi wa masiku ano ndi wachabechabe. Za ludzu ankati ndi dzuwa, ndipo ku Mangochi mu Okutobala palibe angatsutse munthu wonena kuti kukutentha. Zonsezi ndinkazilemba m'kope langa lija. Kumeneko ndinkalankhula bwino kwambiri. Pamaso pawo ndinkangoti, "Madzi ena, ababa?"

Tsiku lobwerera kuchipatala linafika kumayambiriro kwa Novembala, mango atayamba kugwa. Ndinapempha kusukulu kuti ndiperekeze odwala. Kope ndinalikuta ndi pepala lakhaki. Tili pamzere ndinafunsa za kamakina, ndipo ababa anadzigwira m'matumba onse mwachidwi, ngakhale kathumba ka pamtima kamene sikangalowe n'komwe, n'kunena kuti aiwala. Titalowa, adokotala anapepesa kuti timapepala tawo toyezera tinatha dzulo lake.

"Koma si vuto. Mwabwera ndi kope."

Anali munthu wachinyamata, wotopa, ndipo panja pankadikira anthu odzaza mabenchi onse. Anatsegula kopelo. Anatembenuza tsamba, lina, linanso.

"Walemba ndani?"

"Alembi anga awa," anatero ababa. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

"Chiyambire ntchito sindinaonepo kope lotere. Anthu amandibweretsera manambala atatu, olembedwa pachikuto cha pasipoti ya chipatala." Anaika chala pa tsamba la a kwaya. "Bambo, tsiku ili munadzibaya kakhumi ndi kanayi?"

Apa ndinadziwa kuti zathera pomwepa, ababa anena, tidzudzulidwa, tipita kwathu. Koma ababa anakhosomola pang'ono.

"Ndinkafuna kutsimikiza, adokotala."

Adokotala anawayang'ana zala. Zala za munthu amene wagwira mbedza ndi ukonde zaka zonsezo zili ndi zipsera zokwanira kutsimikizira chilichonse. Anabwerera m'kope n'kuyamba kuwerenga chipinda chachinayi.

"Chambo. Chambo. Nkhuku. Chambo. Mumadya bwinotu inu. Mandasi asanu ndi thobwa, izi ayi. Apa mowa wamasese, makapu atatu?"

Ababa anali mkulu wa mpingo, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire changa.

"Kunali chinkhoswe," anatero motsitsa mawu.

"Musiye." Chala chinatsika pang'ono n'kuima. Adokotala anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Makoko a chinangwa ndi katoni ya sopo."

Ndinkamva mwana akulira kunja.

"Bambo, katoni?"

"Pang'ono chabe, adokotala. Kungolawa."

"Nanga apa, masamba a nthochi ndi chingwe cha ukonde?"

"Tinauzidwa kuti tizidya zamasamba."

Adokotala anapumira m'mwamba ngati munthu amene anamvapo zoposa zimenezi, ndipo mwina anamvapodi. Wina anagogoda pachitseko kufunsa ngati tatha. Iwo anatenga cholembera chofiira n'kuzunguliza manambala atatu: 3.1, 3.4 ndi 2.9. Onse atatu anali a mbuzi.

"Katoniyo musiye. Koma chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Munayamba ndi shuga wokwera kwambiri, kenako watsika bwino, masiku ambiri ali pa 5. Koma masiku atatu awa anatsikitsa. Munanjenjemera? Thukuta? Chizungulire?"

"Kufooka kunalipo," anatero ababa, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena za mbuziyo moona mtima.

"Mankhwala akuchulukirani. Munthu amatha kukomoka nazo zimenezi. Kuyambira lero muzimwa theka la piritsi m'mawa, theka madzulo."

Ndinatsegula pakamwa. Ndikukumbukira bwino kuti ndinatsegula, chifukwa adokotala anandiyang'ana n'kudikira. Mawu onse analipo, oyalidwa bwino. Koma ababa anali pambali panga atavala jekete lawo la kutchalitchi m'dzuwa limenelo, manja ali pamawondo, ndipo kunena zoona kunali kuwavula jeketelo pamaso pa mwana wa msinkhu wa achimwene.

"Zikomo, adokotala," ndinatero.

Sizinathere pomwepo. Adokotala anatuluka nafe, anakweza kopelo m'mwamba pamaso pa anthu onse a pamabenchi, n'kulitsegula.

"A shuga nonse taonani kuno. Kope lizikhala chonchi. Bambo awa anabwera ali pa 18, lero ali pa 5. Chifukwa chiyani? Khama, ndi mwana wosamala."

Anthu anaomba m'manja. Mayi wina anaimba nthungululu. Pa benchi yachiwiri panali bambo wokonza injini uja, atabwera ndi chilonda cha pamwendo. 9.4 yake inali pa tsamba lomwe linali lotsegulalo, ndipo anaomba m'manja kuposa onse.

Pobwerera ababa anaima pa mjigo uliwonse. Pali mijigo itatu pakati pa chipatala ndi kwathu. Ine ndinkapopa, iwo akumwera m'manja, madzi akutsikira m'mikono ya jekete.

Kunyumba tinapeza amayi kulibe, ndipo pakhonde panalibe mlendo. Ababa anakhala pampando wawo, anatenga mpeni wodulira ulusi, n'kuyamba kudula mapiritsi pakati, limodzilimodzi, pa mbale yagalasi. Ankaimba chamumtima. Ine ndinakhala pamkeka, kope lili pamiyendo. Ndinawerenga mapindo a mkekawo mpaka ndinafika kumapeto.

"Ababa."

"Alembi."

"Manambala ofiira aja ndi a mbuzi."

Anapitiriza kudula. "Ndiye ukauze mwini wake aichepetsere mankhwala."

Sindinaseke. Anandiyang'ana, ndipo mpeni unaima.

"Anu alipo atatu okha, ababa. Oyambirira aja."

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuwauza ababa chinthu chimene sankafuna kumva. Ndinkayembekezera kuti akalipa. Iwo anangoyang'ana kumtengo wa mango.

"Mbedza yandilowa m'chala ichi kangapo," anatero. "Minga ya kampango inandiboola apa mpaka kutulukira uku. Sindinalire. Koma zimenezo zimabwera usakudziwa. Kasingano aka umakaona kakubwera, umakatsegula wekha, umasankha wekha chala. Ndiye ukatha zonsezo kamakina kakuuzenso zoipa. Anthu onse aja kamawauza zabwino. Ine ndekha, mwini wake, ndiye kamandinyoza."

Ndinalowa m'nyumba. Kamakina kanali pansi pa pilo wawo, pamene ndinkadziwa kuti kali. Ndinabwera nako ndi beseni la madzi. Ndinasamba m'manja, ndinatsegula kasingano katsopano, n'kuika pa chala changa chapakati. Mwezi wonsewo ndinali nditaona zala za theka la mudzi zikubayidwa, koma changa chinali chisanabayidwepo. Kanaluma ngati nyerere yofiira. Kamakina kanati 5.2.

"Wadya chiyani?" anafunsa ababa mwachizolowezi.

"Mbatata. Bweretsani chanu."

Anachedwa kwambiri kusamba m'manja. Anasamba chala chilichonse pachokha, ndi pakati pake, ndi m'zikhadabo. Kenako anandipatsa dzanja lamanzere, nkhope atalozetsa kumsewu, n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi mokweza ngati akutsogolera maliro. Nkhuku zinathawa pabwalo. Dzanjalo linali lopepuka kuposa mmene ndinkalidziwira, louma ngati khoko la chimanga. Ndinabaya m'mbali mwa chala, pamene amati sipapweteka kwambiri.

"Wayamba?" anafunsa pakati pa nyimbo.

"Ndatha kale."

Kamakina kanawerenga chobwerera m'mbuyo n'kulira. 21.4.

Tinakayang'ana tonse awiri mpaka kanazima kokha.

"Katopa," anatero ababa. "Kayeza anthu ambiri. Kasokonezeka ndi magazi a mbuzi."

"Kwa ine kanena bwino."

"Iwe kakudziwa, umakasamala." Anakokera mbale ya mapiritsi pafupi. "Adokotala anapita kusukulu zaka zambiri. Aona kope, anena kuti theka. Ine ndi ndani kuti nditsutsane nawo? Ndiye ndibwerere kumene kuja, kumene andiombera m'manja, ndikanene kuti chiyani? Kuti katoni ija sindinadye ndine?"

Anatola theka limodzi n'kumeza, n'kumwera jagi yonse. Kenako anakoka ukonde n'kuyamba kufunafuna bowo la singano, akuitalikitsa, akuiyandikitsa. Ndinawalanda mwakachetechete, ndinalowetsa ulusi, n'kuwabwezera. Sanandiyang'ane, koma anati, "Amayi ako asamve kaye."

Ndinapita kuseri kwa nyumba, kumene kuli thandala lakale loyanikira usipa, n'kukhala pamthunzi wake. Ndinkadziwa kuti ababa sabwerera kuchipatala kuja mwezi usanathe, ngakhale atawakoka pachingwe. Ndinkadziwanso kuti mwezi wathunthu wa theka la piritsi ndi wautali kwa munthu amene ali pa 21. Kuti amayi amve, ndiye kuti mudzi wonse umva tsiku lomwelo, ndipo ababa sadzakhalanso pakhonde. Panatsala munthu mmodzi amene akanatha kupita, ndipo ndinali ine, woyang'ana nsapato uja.

Ndinayeserera mawuwo chapansipansi. Ulendo woyamba anathera pakhosi. Wachiwiri anatuluka theka. Wachisanu ndinawamva ndekha ndi makutu anga, ndipo nkhuku imene inkapalasa pafupi inadzutsa mutu.

Ndinatsimikiza kuti mawa lake ndivala yunifolomu ngati ndikupita kusukulu, koma pamphambano ndikhotera kuchipatala. Ndikakhala pa benchi yoyamba chitseko chisanatsegulidwe, kuti anthu asachuluke ondimva. Adokotala akandiyang'ana, sindikapereka moni wautali, chifukwa mawu anga amathera m'moni. Ndikangoyamba ndi kunena kuti, adokotala, ababa anga sanadye katoni, ndipo shuga wawo dzulo anali pa 21.4.